Kukuza Mau a Maikolofoni: Mikisa Kapena Kabokosi Kapadera?

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wa kwa Mphamba, pafupi ndi boma la Lundazi, afuna kujambulira kunyumba kwake nyimbo zimene ana aphunzira za pamwambo wa Kulonga, ndiponso nthano za agogo a m'mudzimo, kuti akazipereke ku wailesi ya Chikaya. Maikolofoni ali nayo, kompyuta ali nayo. Nanga pakati pa ziwirizi aikepo ciani?

Maikolofoni imasandutsa mau kukhala magetsi, koma magetsiwo ngocepa zedi. Munthu akamalankhula bwinobwino, kawirikawiri safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a volti imodzi, pamene makina ojambulira amafuna pafupifupi volti yathunthu. Conco pafunika cipangizo cowakuza, mwina ka 100, mwina ka 1,000. Akatswiri amacicha preamp.

Mikisa ija mumaiona ku chalichi kapena paukwati ili ndi ma preamp m'kati mwake. Bowo lililonse la maikolofoni lili ndi yakeyake, ndipo imalamulidwa ndi kabatani kozungulira kolembedwa Gain. Ubwino wake ngwakuti maikolofoni anayi kapena asanu ndi atatu amalowa nthawi imodzi, ndipo ng'oma ikapambana oimba mumangoitsitsa. Koma mikisa ikakhala yotsika mtengo, ndalama yoipangira inagawikana pa mabowo onsewo. Mukapotoza kabatani kaja mpaka kumapeto, pamamveka phokoso lakuti sss, longa mafuta akuwira m'poto. Ana makumi atatu akamaimba simungalimve konse, pakuti mau ao ngamphamvu ndipo safuna kukuzidwa kwambiri. Vuto limaoneka pa agogo aja, amene amasimba nthano motsitsa, nanong'ona pamene Kalulu akubisalira Fisi. Apo phokosolo limamveka pakati pa mau alionse.

Preamp yapadera ndi kabokosi kamene nchito yake ndi imodzi yokha: kukuza mau a maikolofoni imodzi kapena awiri. Kakakhala kabwino, kamakuza kwambiri popanda phokoso lambiri. Komatu mtengo wake ungapose wa mikisa yaing'ono yonse, ndipo sikasakaniza mau a anthu ambiri. Polumikiza, waya wocokera m'kabokosika ulowe pa bowo lolembedwa Line. Ukalowa pa bowo la maikolofoni, mau akuzidwa kawiri ndipo amveka osweka. Muonenso ngati maikolofoni yanu ndi ya mtundu wa condenser, pakuti imeneyo imafuna mavolti 48 ocokera ku mikisa kapena ku kabokosiko.

Kunena zoona, mphunzitsi wathuyu ayambe ndi mikisa, cifukwa ingathe nchito zonse ziwiri, ndipo mamikisa ambiri a masiku ano alibe phokoso longa la akale. Za agogozo asathamangire kusitolo. Akasendeza maikolofoni kucoka pa masentimita 40 kufika pa 20, magetsi ake amaculuka pafupifupi kawiri osalipira ngwee. Asankhenso cipinda ca nyumba ya udzu, kapena apacike mabulangete m'makoma, cifukwa m'kalasi ya malata ndi simenti mau amabwerera, ndipo preamp iliyonse imakuza mauwo pamodzi ndi kulira kwa nkhuku za panja. Akacita zonsezi phokoso lija nkumamvekabe, pamenepo kabokosi kapadera kayenera ndalama yake.