Lumbadzi: ndege m'mwamba, ife pa minibasi

Ndinakulira ku Lumbadzi, koma ndege sindinakwerepo. Tauni yathuyi inakula chifukwa cha bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe linatsegulidwa mu 1983, patatha zaka 8 likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Agogo amati kale kuno kunali minda yokhayokha.

Lero ambirife timagwira ntchito m'tauni. M'mamawa timaima pamsewu wa M1 kudikira minibasi, ndipo siinyamuka isanadzaze. Pa Kanengo, nyengo yogulitsa fodya, malole amachita kutsekereza njira. Mafuta akasowa mtengo umakwera, kondakitala osapepesa n'komwe. Tsiku lina ndinaona ndege ikutera ndili pa siteji. Ndikhulupirira alendowo anafika ku City Centre ine ndikadali pomwepo.