Kodi dambo loonongeka lingayambirenso kusunga kaboni?

Anzanga a ku sekondale, mu phunziro la Geography mwamvapo kuti mitengo imayamwa mpweya wa carbon dioxide. Koma kodi mukudziwa kuti pali dothi lina lomwe limasunga kaboni wambiri kuposa nkhalango zonse za padziko lapansi? Dothi limeneli amalitcha peat, ndipo madambo ake amatenga pafupifupi 3 peresenti yokha ya nthaka ya dziko lonse.

Peat amapangika pamalo pomwe madzi samauma chaka chonse. Zomera zikafa, zimagwera m'madzi momwe mulibe okosijeni wokwanira, choncho mabakiteriya amalephera kuziwoletsa bwinobwino. Zimangounjikana, pafupifupi milimita imodzi pachaka. Ndiye kuti peat wakuya mita imodzi watenga zaka pafupifupi 1,000. Kaboni yemwe zomerazo zinayamwa amakhala wotsekeredwa momwemo.

Vuto limayamba anthu akakumba ngalande n'kuchotsa madziwo. Mpweya umalowa pansi, mabakiteriya n'kuyamba phwando, ndipo kaboni wa zaka zikwizikwi amathawira kumwamba ngati carbon dioxide.

Izi ndi zomwe zinachitika ku Bois-des-Bel, m'chigawo cha Quebec ku Canada. M'zaka za m'ma 1970 anthu ankakumbako peat wogulitsa kwa alimi a maluwa ndi mbande, kenako malowo anangosiyidwa. Mu 1999 akatswiri anayamba kuwakonzanso. Anatenga tizidutswa ta ndere za mtundu wa Sphagnum kuchokera ku dambo lina, n'kuziwaza pamalopo, n'kuphimbira ndi udzu wouma kuti zisapse ndi dzuwa. Anatsekanso ngalande kuti madzi abwerere.

Funso linali lakuti: malowa akabiriwiranso, kodi ayambadi kusunga kaboni? Pajatu kubiriwira kokha si umboni. Kelly Nugent, yemwe ankachita maphunziro a PhD pa McGill University, anafufuza nkhaniyi pamodzi ndi anzake.

Anagwiritsa ntchito kansanja kokhala ndi zipangizo zoyezera mphepo ndi mpweya kangapo pa sekondi iliyonse. Njirayi imatchedwa eddy covariance. Taganizani za buku la ndalama la kagolosale. Masana zomera zikuyamwa carbon dioxide, ndiye ndalama zolowa. Usana ndi usiku zomera ndi mabakiteriya zikupuma, ndiye ndalama zotuluka. Palinso methane, mpweya womwe umatuluka m'malo onyowa, komanso kaboni wosungunuka yemwe amapita ndi madzi. Zonsezi amaziwerengera, kenako n'kuona ngati pakutha pa chaka pali phindu kapena ngongole.

M'zaka zoyamba, malowa ankatulutsabe kaboni wambiri kuposa yemwe ankayamwa. Koma zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2018 zinaonetsa kuti patatha zaka pafupifupi 14, dambolo linali litayambanso kusunga kaboni.

Tikuphunzirapo chiyani? Kukonzanso n'kotheka, ndipo chinsinsi chake ndi madzi. Komabe kuyamba kusunga si kubweza zonse zomwe zinatayika. Peat yemwe anakumbidwa m'zaka zochepa adzatenga zaka mazanamazana kuti abwerere. N'chifukwa chake asayansi amaumirira kuti madambo omwe sanaonongeke, monga a Cuvette Centrale m'chigwa cha mtsinje wa Congo, asakhudzidwe n'komwe.

Tayesani kuwerengera nokha: peat wakuya mamita 4 wakhala akuunjikana kwa zaka zingati?