Malole a Nthawi ya Nkhondo Asanduka Nyumba Zoyenda

Anthu okhala m'mbali mwa msewu wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Massangulo, m'boma la Ngauma, amaona nthawi zina m'chilimwe lole yaitali msinkhu itasenza chibokosi chokhala ndi mazenera, chitseko ndi makwerero. Ana amaithamangira poyesa kuti ndi chipatala choyenda. M'katimo mumakhala alendo a ku Ulaya amene anachoka kwawo miyezi yambiri yapitayo, ndipo m'bokosimo ndi momwe amagona, kuphika ndi kusamba. Ena amalowa pachipata cha Mandimba kuchokera ku Chiponde, m'dziko la Malawi, paulendo wawo wopita ku Pemba kapena ku Ilha de Moçambique.

Akuluakulu akayang'anitsitsa kumutu kwa ena mwa malolewa sachedwa kuwazindikira. Ina ndi Unimog, mtundu womwe asilikali a Chipwitikizi ankayendera m'tchire pankhondo ya ufulu imene inatha mu 1974. Ina ndi IFA W50, yopangidwa ku Ludwigsfelde, m'dziko lakale la East Germany, kuyambira 1965 mpaka 1990. Malole a IFA anafika ambiri m'dziko muno ufulu utabwera mu 1975, ndipo ananyamula chimanga, asilikali ndi anthu wamba m'makoluna mpaka mtendere wa mu 1992. Ku Germany ankhondo ndi ozimitsa moto akamagulitsa malole awo akale, anthu okonda maulendo amagula, n'kuchotsa bodi yakumbuyo, n'kumangapo nyumba.

Luso lenileni la ntchitoyi lili pansi pa bokosi, pomwe munthu wodutsa sayang'anapo. Zitsulo ziwiri zazitali zomwe zimanyamula lole yonse, zimene amakanika amati shasi, zinapangidwa dala kuti zizipotoka. Gudumu limodzi likagwera m'dzenje lina lili pachulu, shasi imapindika pang'ono ngati nsungwi, kenaka n'kubwerera m'malo mwake. Koma nyumba siipindika. Munthu akaiwotcherera molimba pashasi ngodya zonse zinayi, msewu wa mabampu umang'amba makoma, chitseko chimaleka kutsekeka, ndipo nthawi zina imathyoka ndi shasi yeniyeniyo. N'chifukwa chake omanga amayamba ayala felemu ina pakati, yogwira pashasi malo atatu kapena anayi okhala ndi mapini otha kutembenuka. Ena amaika masipuling'i pamabawuti. Potero pansi pamavina, pamwamba pali phee.

Mdani wachiwiri ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 300 yafanana kale ndi matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50, dizilo, mabatire ndi matayala apadera tisanawerenge. Zolemera zonsezi zimaikidwa pansi, pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo, chifukwa lole yolemera pamwamba imagubuduzika msanga pamalo opendekeka. Padenga pamangokhala masola. Makoma amakhala a zipepala ziwiri zopyapyala zokhala ndi chinkhupule pakati, kuti asalemere komanso kuti kutentha kwa mwezi wa Okutobala kusalowe.

Wina anganene kuti izi ndi zoseweretsa za anthu olemera, ndipo sakunama, pakuti ndalama yomangira nyumba imodzi yotere mlimi wa fodya wa ku Mandimba sangaipeze ngakhale atalima zaka zambiri. Komabe vuto lomwe alendowa akulimbana nalo ndi lomwelo limene limasautsa eni malole akuno. Msewu waukulu wa N13 unaikidwa tala zaka zaposachedwapa, koma thonje, fodya ndi nandolo sizimera patala. Zimachokera kumashamba, m'tinjira topita ku nyanja ya Amaramba ndi m'mbali mwa mtsinje wa Lúrio, komwe dzinja lililonse limasiya zigwembe zatsopano. Kumeneko ndi komwe bodi yowotcheredwa mouma imang'ambikira, ndipo mwini wake amabwerera kwa wowotcherera chaka ndi chaka, n'kumawonjezera chitsulo pamwamba pa chitsulo. Akatero lole imalemera, mng'alu n'kusamukira pena.

Mmisiri wa ku Cuamba kapena Mandimba amene angapeze lole yotere itaima pamalo omwetsera mafuta sangataye kanthu kupempha mwini wake kuti asuzumire kunsi. Pali zinthu zitatu zofunika kuona: malo angati pomwe bokosi lagwira shasi, utali wa mabawuti a masipuling'i, ndi mpata umene wasiyidwa pakati pa bokosi ndi mutu wa lole kuti ziwirizi zisagundane popotoka. Masipuling'i otere ndi mabawuti aatali amapezeka m'magalaja a m'tawuni ndi pa malole akufa omwe ali mbwee kuseri kwa nyumba zambiri.