Intaneti ikaduka pakhomo, kufufuza kuyambire pati?

Mabanja ambiri a m'boma la Mulanje amene ali ndi intaneti amaipeza kudzera pa netiweki ya TNM kapena Airtel, pa foni kapena pa karauta kolowetsamo simukhadi. Ikaduka, ambiri amathamangira kukagula bandulo ina, ndipo ndalamayo imangolowa m'madzi ngati vuto lili pena.

Poyambira ndi timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki. Ngati tilipo koma masamba sakutseguka, nthawi zambiri bandulo imakhala itatha kapena masiku ake atadutsa. Palinso mabandulo a WhatsApp kapena Facebook basi, amene satsegula china chilichonse. Bandulo ikapezeka kuti ilipo, foni kapena rauta izimitsidwe kwa mphindi imodzi n'kuyatsidwanso. Zikakanikabe, simukhadiyo iyesedwe m'foni ina. Ikagwira kumeneko, cholakwika chili m'chipangizo choyamba chija, ndipo apa m'pamene wokonza mafoni angafunike.

Timizere tikasoweratu, nzeru n'kufunsa anansi. Ngati onse a kampani imodzi akudandaula, vuto lili ku nsanja ya netiweki ndipo palibe chokonza pakhomo. Nsanja zambiri zimayendera magetsi a ESCOM, ndipo akazima zimadalira mabatire ndi majenereta, amene nawonso ali ndi malire ake. Anthu a kuno anaziona mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapolo a magetsi ndi kudula misewu. Phiri nalo limatchinga: nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo netiweki sidutsa m'thanthwe. Nyumba ya m'chigwa ingavutike pamene ya pachitunda ikugwira bwino. Kuika rauta pawindo, kutali ndi malata, kumathandizako.

Okhala kufupi ndi malire, monga ku Muloza ndi Limbuli, ali ndi vuto lawolawo limene ambiri salidziwa. Foni imasankha yokha netiweki, ndiye nthawi zina imakoka ya ku Mozambique, monga Vodacom kapena Movitel, yochokera mbali ya Milange. Timizere timaoneka todzaza, koma bandulo ya kuno sigwira ntchito, ndipo mayunitsi angathe kudyeka pa mtengo wa kunja munthu ali pakhonde pake. Dzina lolembedwa pamwamba pa foni ndilo limaulula. Mankhwala ake n'kulowa m'masetin'gi, kuletsa foni kusankha yokha, n'kusankha TNM kapena Airtel ndi dzanja.

Vuto likapitirira masiku angapo, dandaulo lipite kaye ku kampaniyo, ndipo tsiku lodandaulira lilembedwe penapake. Yankho likapanda kubwera, nkhaniyo ingatengeredwe ku MACRA, bungwe loyang'anira zamtokoma ndi mauthenga m'dziko muno. Wina akaimba foni n'kunena kuti akukonza netiweki koma akufuna nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, ameneyo ndi wakuba. Kukonza netiweki sikulira nambala imeneyo.