Kambalame ka Mkanda Wakuda pa Phiri la Dedza

Phiri la Dedza ndi lotalika pafupifupi mamita 2,200, ndipo cha kumsonga kwake, m'zigwembe mosafika moto kaŵirikaŵiri, mwatsala timagulu ta nkhalango yachilengedwe yosayoyola masamba. M'menemo mumakhala kambalame kena kamene anthu ambiri otola nkhuni anakamvapo kulira koma sanakaonepo. Akatswiri a mbalame amakatcha Bar-throated Apalis, ndipo ndi kachibale ka timba.

Kutalika kwake ndi masentimita 12 kapena 13, koma pafupifupi theka la muyeso umenewu ndi mchira wokha, umene kamakonda kuuimika ndi kuugwedeza. Pakhosi ndi poyera, maso ndi otuŵira, ndipo pachifuwa padutsa mzere wakuda ngati mkanda. Mzere wa kakakazi ndi wopyapyala kusiyana ndi wa kakamuna.

Munthu wofuna kukaona ayenera kuyamba ndi makutu, pakuti maso okha samupindulira. Alaŵire m'mamaŵa nkhungu isanatheretu, aime m'mphepete mwa nkhalango, akhale chete. Posachedwa adzamva kakamuna kakubwereza liu limodzimodzi mofulumira, kuti pili-pili-pili, kakakazi nkumayankhira pompo mwakuti osadziŵa amayesa ndi mbalame imodzi. Akamva kuliraku asathamangireko ai. Ayang'ane tsamba limene likugwedezeka popanda mphepo, chifukwa kambalameka sikakhazikika: kamadumpha kanthambi ndi kanthambi, kusuzumira kunsi kwa masamba, kutola mbozi, akangaude ndi tizilombo tina. Nthaŵi zambiri timayenda tiŵiritiŵiri, motero woona kamodzi adikire pang'ono, kanzake kali pafupi.

Chisa chake ndi chobulungira, cha khomo la m'mbali, chomangidwa ndi udzu wofeŵa ndi ndere, zolumikizidwa ndi ulusi wa kangaude. Anyamata a malegeni akachipeza, ndi bwino achisiye.

Omvera a ku Mulanje ndi ku Zomba ali ndi mwai wapadera. Kumapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa kuli kambalame kofanana nako koma kachikasu pakhosi, Yellow-throated Apalis, kamene sikapezeka m'dziko lina lililonse kupatula Malaŵi. Iko kaŵerengedwa kale m'gulu la mbalame zimene zingathe kutheratu, chifukwa nkhalango zake zikuchepa ndi nkhwangwa ndi moto. Ka ku Dedza kakadali kochuluka m'maiko ena a kum'maŵa ndi kum'mwera kwa Africa, koma paphiripo nako kamadalira zitsamba zoŵirira ndi ziyangoyango, zimene moto wa m'chilimwe umayamba kunyeketsa usanafike pa mitengo ikuluikulu.