Kuchoka pa "inali yoseketsa" kufika pa chifukwa: ndemanga za oonera m'phunziro la Chichewa

Mukafunsa ophunzira anu Lolemba m'mawa kuti anaonera chiyani kumapeto kwa sabata, mikono imakwera yambiri. Wina atchula katuni, wina filimu ya nthabwala, wina kasewero ka mphindi ziwiri komwe m'bale wake analandira pa WhatsApp. Mukafunsanso kuti zinali bwanji, yankho limafupika: "Inali yoseketsa," kapena "Yobowa." Ambirife timalekera pomwepo n'kutsegula buku. M'gawo lino tikupemphani kuti muyambe mwaima kaye pa kayankho kameneka, chifukwa muli mbewu ya luso lomwe limativuta kuphunzitsa pa chimangirizo cha mtsutso, luso lonena maganizo ako n'kuwaikira umboni. Chitsanzo chathu tachitenga ku Harare, koma inu a ku Lilongwe, Chipata, Lusaka kapena Tete muzifanizira ndi za kwanu pamene mukuwerenga.

N'chifukwa chiyani Harare?

M'malokeshoni monga Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara muli mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Ulendowu unayamba kale chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanakhazikitsidwe. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chewa ndicho choyamba pa mndandandawo, ngakhale kuti ulemu umenewu chinaupeza chifukwa cha ndondomeko ya alifabeti basi. Pabwalo ndi pamsewu zidzukulu za anthu aja zimayankhula Chishona. Chichewa zimachimva kwa agogo, kumaliro, kumzikiti, ku mpingo wa CCAP kapena kukakhala gule. Mwana wotere amamva zambiri, amatha kupereka moni ndi kuyankha akatumidwa, koma mukamufunsa maganizo ake, lilime limathawira ku Chishona kapena ku Chingerezi.

Chachiwiri n'chakuti mzindawu unazolowera kanema kalekale. Wailesi ya kanema inayamba kumeneko mu 1960, pamene ku Malawi inafika mu 1999. Mabanja ambiri a m'malokeshoni anadzaigula patapita zaka, komabe lero m'nyumba imodzi mutha kupeza mibadwo itatu ya oonera, uliwonse ndi katswiri wake. Agogo amakumbukira Mukadota, yemwe dzina lake lenileni linali Safirio Madzikatire ndipo anamwalira mu 1996. Makolo anakula ndi Gringo, yemwe ankaseweredwa ndi Lazarus Boora, amene anamwalira mu 2020. Ana ali ndi makatuni ndi timasewero ta pa foni. Akakhala pamodzi sagwirizana kuti woseketsa weniweni ndani, ndipo kusagwirizana kumeneko ndi chuma kwa mphunzitsi wa chiyankhulo.

Zomwe zili m'kati mwa ndemanga

Tamvetserani bwino anthu akamakambirana za filimu popanda wowayesa mayeso. Woyamba amagamula: inali yabwino. Mnzake akakana, woyamba uja sayamba kufotokoza za luso la osewera ayi. Amabwereza chochitika chimodzi, nthawi zambiri akutsanzira mawu ndi nkhope: "Iwe, sunaone paja abwana atulukira iye ali mtulo pampando wawo?" Mnzakeyo amayankha poyerekeza: "Zimenezo n'zakale, Mukadota ankazichita bwino kuposa pamenepo." Mu mphindi imodzi mwamva chigamulo, umboni ndi kuyerekeza. Izi ndi zomwe timafuna m'ndime ya chimangirizo, kungoti apa zabwera zosapesa.

Ntchito yanu tsono si kupatsa ophunzira maganizo, chifukwa ali nawo kale, ndipo pa nkhani ya makatuni amakuposani kudziwa. Chomwe akusowa ndi alumikizi omangira zidutswazo m'Chichewa: chifukwa, ngakhale, komabe, pomwe, kusiyana ndi, mwachitsanzo. Wophunzira akanena kuti "yobowa," musamudzudzule kuti si Chichewa chabwino. Mawuwa anachokera ku Chingerezi ndipo anakhazikika m'Chichewa cha m'tauni monga momwe anakhazikikira m'Chishona. Ingofunsani kuti, "Inayamba kubowa pati?" Funso lakuti pati limabala chiganizo chachitali kuposa funso lakuti chifukwa chiyani. Mwana akafunsidwa chifukwa amaona ngati akuzengedwa mlandu, ndipo amayankha kuti "basi." Akafunsidwa malo amayamba kusimba.

Mu kalasi ya ku Harare muyembekezere kuti chigamulo chidzatuluka m'Chishona. Wophunzira akanena kuti "zvinosetsa," lembani mawuwo pa bolodi, pansi pake mulembe "zimaseketsa," ndipo muwasiye ophunzira apeze okha kuti zvi- wagwirizana ndi zi-, ndiponso kuti -no- akugwira ntchito ya -ma-. Akazindikira kuti ziyankhulo ziwirizi n'zapachibale chotere, mantha oyankhula Chichewa amachepa.

Makatuni osayankhula

Aphunzitsi ena amaona ngati katuni yachizungu ilibe malo m'phunziro la Chichewa. Ife tikuona kuti ina mwa iyo ndi yothandiza kuposa mafilimu a kwathu komwe. Tom and Jerry, yomwe William Hanna ndi Joseph Barbera anayamba mu 1940, pafupifupi ilibe mawu. Mr. Bean wa Rowan Atkinson, amene anayamba kuonetsedwa mu 1990 n'kudzakhalanso katuni mu 2002, amangong'ung'udza. Wophunzira akamasimba zomwe waona alibe mawu a Chingerezi kapena a Chipwitikizi oti awamasulire. Ayenera kupeza akeake. Apa ndi pomwe mivekero imatulukira yokha: mphaka anangoti kakasi, galu anangoti balamanthu, kanyama kaja kanangoti zii. Mutu wa mivekero, womwe m'buku umaoneka wouma, umaphunzitsika ana akuseka.

Pali kamtsutso kena komwe mungakadzutse dala. Kodi Jerry ndi mbewa kapena khoswe? M'Chichewa mbewa ndi ya kutchire ndipo ndi ndiwo, pomwe wokhala m'nyumba n'kumaba chakudya ndi khoswe. Chishona nachonso chimasiyanitsa mbeva ndi gonzo. Koma khoswe sakondedwa ndi munthu aliyense, ndipo ana ambiri amachemerera Jerry. Ena adzaumirira kuti ndi mbewa chifukwa ndi wamng'ono ndi wokongola, ena adzati malo ake okhala ndiwo akumuulula. Palibe chifukwa choti inu mugamule. Pofika pamapeto aliyense amakhala wapereka maganizo ndi chifukwa chake, komanso waphunzira kuti ziyankhulo sizidula nyama za m'chilengedwe pa mfundo zofanana.

Kuseka ndi kusekedwa

Mneni wakuti seka ndi wabwino pophunzitsira misintho ya aneni: seketsa, sekedwa, sekana, sekerera. Onetsani kuti kusekerera kuli pawiri, pali kusekerera mlendo ndiponso kusekerera khalidwe loipa. Onetsaninso kuti "akuseka" ndi "akundiseka" asiyana ndi ka -ndi- kokha, koma woyamba ndi chisangalalo pomwe wachiwiri ndi chilonda. Kusiyana kumeneku ku Harare si nkhani ya malamulo a chiyankhulo okha.

Gringo anayamba ngati chojambula cha Enock Chihombori mu nyuzipepala ya Chishona ya Kwayedza asanakhale sewero la pa kanema. M'seweroli Gringo ndi wantchito wa pakhomo, ndipo mnzake wina dzina lake ndi John Banda. Woonera wa ku Harare safunika kumuuza komwe dzina la Banda limachokera. Kwa zaka zambiri munthu wochokera ku Malawi wakhala chinthu chosekedwa m'nthabwala za m'misewu ya mzindawu. Anapatsidwa maina monga Mabhurandaya, kuchokera ku Blantyre, ndi Manyasarandi, kuchokera ku Nyasaland, ndipo ngakhale mawu aulemu akuti achimwene amatha kugwiritsidwa ntchito monyoza. Nthabwala zambiri zimatsamira pa katchulidwe. Chishona cholembedwa chilibe lembo la l, pomwe m'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mawu, choncho Mchewa poyankhula Chishona amaika l pamene eni ake akuyembekezera r. Maliwu a zv ndi sv nawonso amamupunthwitsa. Wanthabwala akangotsanzira zimenezi, anthu amafa nalo phwete asananene chilichonse chanzeru.

Tsono taganizirani mdzukulu wa munthu uja ali m'kalasi mwanu. Anzake akuti sewero linali loseketsa. Iyenso anaseka, koma mawu omwe ankatsanziridwa ndi a agogo ake. Mwina agogo omwewo ndi amodzi mwa anthu omwe anabadwira m'dzikolo koma anakhala zaka ndi chitupa chowatchula kuti ndi alendo, makamaka lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, mpaka malamulo a 2013 anatsegulanso njira kwa obadwira ku Zimbabwe omwe makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Mwana wotere akati "sinandisangalatse" osapereka chifukwa, si kuti alibe chifukwa. Ndipo ana ambiri amasiya kuyankhula Chichewa pagulu chifukwa cha phwete lomweli.

Sitikunena kuti muletse nthabwala za mitundu. Kuchita zimenezo n'kunamiza ophunzira, chifukwa chigawo chathu chonse chimadziwa ubale wonyozana mwamasewera. Ku Zambia Abemba ndi anthu a kum'mawa amatonzana za anyani ndi mbewa pansi pa chimbuya, ndipo Ashona ali ndi usahwira. Kusiyana kwake n'kwakuti pa ubale wotere mbali zonse ziwiri zili ndi ufulu wobwezera. Funso lomwe mungapatse kalasi ndi limeneli: m'sewero lomwe mwaonali, wosekedwayo anapatsidwa mpata wobwezera? Nanga tinaseka zomwe anachita kapena momwe amatchulira mawu? Musaloze mwana aliyense kuti ayankhe m'malo mwa mtundu wake. Funsoli likhale la kalasi yonse, ndipo lifunsidwe za sewero, osati za anthu omwe akhala pa mabenchi. Inu a ku Malawi musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Zimbabwe kokha. Kumbukirani momwe zisudzo zathu zimatsanzirira Chichewa cha Myao, Msena kapena Mtumbuka.

"Zakwathu" ndi "zakunja"

Ndemanga ina yomwe mudzaimva kawirikawiri ndi yakuti makatuni a ku Africa safika pa akunja. Ifunseni umboni ngati ina iliyonse. Mu 2003 ku Harare kunapangidwa filimu ya The Legend of the Sky Kingdom, yomwe zidole zake zinaumbidwa kuchokera ku zinthu zotayidwa. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema wa ku Zambia, nkhani ya atsikana anayi a mu Lusaka wa m'tsogolo, ndipo chaka chomwecho Disney+ inaonetsa Kizazi Moto, momwe muli kafilimu ka Mukudzei ka Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove a ku Zimbabwe. Ophunzira ambiri a m'malokeshoni sanazione, chifukwa zimafuna intaneti yolipira ndi magetsi odalirika. Nthawi zambiri wonena kuti zakwathu n'zosakoma amakhala akuyerekeza zomwe waona ndi zomwe sanaone. Kumuthandiza kuzindikira zimenezi ndi phunziro la kusiyanitsa maganizo ndi mfundo yotsimikizika.

Ntchito yoti muchite

Sabata ino musaonetse filimu iliyonse. Pemphani wophunzira aliyense kuti afunse munthu wamkulu wa pakhomo pawo za wanthabwala yemwe ankamukonda ali wachinyamata, kaya ndi Mukadota, kaya Izeki ndi Jakobo, kaya wa pa wailesi, ndipo alembe yankholo m'chiyankhulo chomwe laperekedwera. M'kalasi, awiriawiri alisandutse Chichewa, kenaka aliyense awonjezere ziganizo zitatu zovomereza kapena kutsutsa, chimodzi chikhale ndi "ngakhale." Inu lembani mawu onse ogamula omwe mwamva, chiyankhulo chomwe anatulukira, ndi funso lomwe linachititsa wophunzira kuyankhula motalika. Tumizani zimenezi kwa mlangizi wanu pamodzi ndi zitsanzo ziwiri za ntchito ya ophunzira, mutachotsa maina awo.