LAMBA WATSOPANO M'INJINI: ZIZINDIKIRO ZIYENERA KULINGANA

Nyengo yotuta cimanga ndi yokatenga feteleza ikafika, vaneti ya pamudzi sipuma. Eni magalimoto amakumbukira matayala ndi oilo, koma ambiri amaiwala lamba wa mano wobisika kuseri kwa cibvundikiro kutsogolo kwa injini, amene amakaniko amamucha timing belt. Kusintha lambayu si nchito yaikuru, koma akaphonya dzino limodzi lokha injini imafooka, ndipo akaphonya mano angapo ingathe kuonongeka pa kuliza koyamba.

NCHITO YA LAMBA

M'injini muli zitsulo ziwiri zozungulira. Ca pansi ndi kirankishafuti, imene imazunguzidwa ndi mapisitoni. Ca pamwamba ndi kamshafuti, imene imatsegula ndi kutseka mavalavu olowetsa mpweya ndi oturutsa utsi. Lamba amamanga ziwirizi monga goli limangira ng'ombe ziwiri, ndipo ya pansi ikazungulira kawiri, ya pamwamba imazungulira kamodzi. Kale nchitoyi inali ya cheni kapena magiya, ndipo injini zambiri ziri nazo kufikira lero. Lamba wa mano anayamba kuwanda ndi galimoto ya Glas 1004, yopangidwa ku Germany m'caka ca 1962.

Dzino limodzi si kanthu kocepa. Ngati gudumu la pansi liri ndi mano 20, dzino limodzi ndi madigiri 18, ndiko kuti mavalavu adzafulumira kapena kucedwa ndi muyeso umenewo. M'injini zambiri, makamaka za dizilo, pisitoni ndi valavu zimafika pa malo amodzi pa nthawi zosiyana. Nthawizo zikasokonezeka, pisitoni imagunda valavu ndi kuipinda.

ASANACOTSE LAMBA WAKALE

Makaniko ayambe wacotsa waya wa batire ndi mapulagi, kuti injini izungulire mopepuka. Kenaka azunguze bauti ya kirankishafuti ndi sipanala, kutsata mbali imene injini imazungulira, kufikira cizindikiro ca pa gudumu la pansi calingana ndi cinzace ca pa thupi la injini. Pa injini zambiri, pamenepa pisitoni ya silinda yoyamba iri pamwamba penipeni ndipo mavalavu ace ali otseka. Ngati ca pansi calingana koma ca pa kamshafuti cayang'ana kwina, azunguzenso kamodzi. Injini za dizilo monga 2L, 3L ndi 5L za Toyota Hilux ziri ndi cizindikiro cacitatu pa pampu ya mafuta, pakuti nayonso imayendetsedwa ndi lamba yemweyo. Malo a zizindikiro amasiyana, cotero buku la galimotoyo ndilo liyenera kutsatidwa.

Zonse zikalingana, amasule kagudumu kokungira lamba ndi kumcotsa. Kuyambira pamenepo, palibe gudumu liri lonse loyenera kuzunguzidwa.

KUIKA WATSOPANO

Lamba watsopano asapindidwe, ndipo asakhudze oilo. Ngati pali pena podontha oilo, pakonzedwe coyamba, cifukwa oilo amaoletsa mpira. Ngati pa lamba pali kamubvi, kaloze kumene injini imazungulira. Makaniko ayambire pa gudumu la pansi, akunge mbali yopanda kagudumu kokungira, kuti kukhwepa konse kutsalire ku kagudumuko. Akatero akunge lamba monga buku linenera. Wokhwepa amalumpha mano. Wokungika mopitirira amalira ndi kudya mabering'i.

Tsono pakudza cinthu cimene ofulumira amacilumpha. Asanagwire kiyi, azunguze injini ndi manja maulendo awiri athunthu, ndi kuonanso zizindikiro zonse. Cimodzi cikapatuka, lamba acotsedwe ndi kuikidwanso. Sipanala ikaima mwadzidzidzi ngati yagunda cinthu, asakakamize: pisitoni yakumana ndi valavu. Dzanja limamva kugundako lisanapinde kanthu, koma sitata siimva.

INJINI ITALIRA

Injini yoikidwa bwino imalira msanga ndi mosalala. Ikabvuta kulira m'mawa, ikagogoda, ikaturutsa utsi woyera kapena wakuda, kapena ikalephera kukwera citunda cimene inkakwera ndi matumba omwewo, izimitsidwe ndipo zizindikiro zionedwenso. Injini zakale za petulo zokhala ndi disitiribyuta zimafunanso kulinganiza nthawi ya moto wa mapulagi ndi nyali yace yoyesera, injini itatentha. Zatsopano zimalinganiza motowo ndi kompyuta, koma kompyuta singakonze lamba wophonya dzino.

Ngati lamba anaduka galimoto iri kuyenda, kuika wina sikukwanira. Mavalavu ayesedwe coyamba ngati sanapindike. Cifukwa cace nkwabwino kumsintha asanaduke, pa makilomita kapena zaka zimene buku lanena. Ma Hilux ambiri a dizilo ali ndi kanyali kolembedwa T-BELT kokumbutsa nthawiyo, ndipo nchito ikatha kayenera kubwezedwa poyambira. Mwini galimoto alembe tsiku ndi makilomita m'kabuku.

Mlimi wopereka galimoto kwa makaniko ali ndi ufulu wopempha kuti aone yekha zizindikiro zitalingana, cibvundikiro cisanabwezedwe. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mphindi zocepa zozunguza injini ndi manja zingapulumutse ndalama za zokolola za caka conse.